Chiwindi cha Tambala wa Amai Esitere

Alinafe Mateus anabadwila m'thengo, makolo ake akuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Onse awili anamwalila iye asanamele mano, ndipo anamulela ndi azakhali ake, amai Esitere. Nkhondo itatha anzawo anabwelela kwawo. Amai Esitere anapempha malo kwa mfumu Luembe, pakuti kwawoko abale onse anali atatha.

Mwanayo anali ndi mutu. Anasankhidwa kupita ku sekondale ku Petauke m'zaka zimene boma la zipani zambili linalengeza kuti zaulele zatha, aliyense adzionele. Ana a amphawi anabwelela kumakasu, akuluakulu akugula magalimoto. Alinafe akanabwelela nawo pakanapanda amai Joshi, mphunzitsi wa sayansi wochokela ku India, amene anamutenga kuti azikhala kunyumba kwawo.

Amai Joshi anali Mhindu, ndipo zimene ankaphunzitsa ana awo anaphunzitsanso Alinafe. Kudzuka kusanache, kusamba, kuyatsa kanyali patsogolo pa zithunzi za milungu, kukhala phee mpaka mtima utadikha. Bodza ayi, ngakhale lopulumukila. Koposa zonse, kusavulaza chamoyo ndi kusachidya. "Chimene chikusuzumila m'diso la mbuzi ndi chomwecho chili m'diso lako," ankatelo amai Joshi. Sanamukakamize. Alinafe analumbila yekha. Mphemvu ankaitulutsa panja ndi pepala, mayeso sankabela, ndipo anzake anamutcha Sisitele wa Nyemba.

Kumudzi zinthu zinali zitaipa. Mwana wa a Wilbroad Daka, oyandikana nawo nyumba, anamwalila atadya phala kwa amai Esitere. Anali malungo, ndipo ku kiliniki kunalibe mankhwala. Koma kiliniki sungailoze chala. Amalozeka ndi mlendo wopanda abale. Anthu anayamba kulambalala mbale zawo.

Alinafe atabwela pa holide, azakhali ake anapha tambala wawo mmodzi yekhayo, naitana anthu. Anabwela ndithu, koma manja anapinda. Anafuna aone kaye mwana wa m'nyumba akudya.

Alinafe anagwada, nagwila mapazi a azakhali ake monga anaphunzilila. "Zikomo amai, koma nyama ndinaleka."

"Mwamva?" anatelo a Daka, akusekela m'mphuno. "Wa ku sekondale uyu, sayansi aidziwa. Mbale ya azakhali ake akuiopa. Tidye ndife osaphunzila?"

"Si choncho, bambo. Ndinalumbila."

"Kulumbilila nkhuku? Chibadwile sindinamve. Mlendo akakana nkhuku waona kanthu."

Amai Esitere anamukokela kuseli kwa nkhokwe. "Mwanawe, nena kuti uli ndi zilonda za m'mimba, adokotala anakuletsa."

"Limenelo ndi bodza, amai."

"Ndiye idya kachiwindi kokha, aone. Ukapanda kudya pano sandisiyapo, ndipo kwina ndilibe."

Alinafe anayang'ana manja amene anamunyamula kudutsa malile. Analingalila monga anamuphunzitsila. Lamulo lalikulu ndi kusavulaza. Tambala anali atafa kale, azakhali ake anali amoyo. Kunama anakana, koma kudya anaona kuti angathe. Anabwelela pamphasa, natola chiwindi, natafuna anthu onse akuona. Anameza. Anatolanso ntchafu kuti pasatsale wokayika.

Koma mimba imene inaiwala nyama siimva zifukwa, makamaka mwiniwake akamameza ndi nselu. Ntchafu isanathe anadzuka, nasanza pabwalo pomwepo, thukuta lili kamukamu.

Palibe anafunsa kanthu, ngakhale mmodzi mwa akulu a mpingo amene analipo. A Daka anangokoka ana awo, ena onse natsatila. Alinafe anayenda khomo ndi khomo kufotokoza, koma ankamuyankha mwachifundo, ati wapulumuka, athokoze Mulungu.

Mwezi usanathe nyumba ya amai Esitere inapsa. Amene anaiyatsa akukhalabe pabenchi yakutsogolo m'tchalitchi, ndipo nyimbo amayambitsa ndiwo. Amai Esitere anadutsa malile kubwelela ku Mozambique ndi kamtolo pamutu.

Alinafe anamaliza sukulu, ndipo lelo akuphunzitsa ana ku Nyimba. Anapitako kangapo kutsidyako kukawafuna azakhali ake, koma ngakhale manda sanawapeze. Amai Joshi, asanabwelele ku India, anamuuza kuti podya sanachimwe. Alinafe sanatsutse. Funso lake linali lina: akananama tsiku lija, kodi azakhali ake sakanafela panyumba pawo?