Tsiku Limene Amalume Analowera Pakhomo

Ndinali ndi kabokosi ka machesi kamene ndinkabisa m'denga la khitchini kwathu kwa Mponda. M'menemo munali dzino lakumaso la amalume.

Inali nyengo ya mwera, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, boma likadali la azungu. Amalume anali telala, ndipo singano ya makina awo inathyoka. Ananditenga kupita kusitolo ya mzungu ku Boma, atandilonjeza siwiti. Sitoloyo inali ndi khomo kumaso ndi kawindo kumbali, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Ife akuda tinkagulira pakawindopo. Tinaima kuyambira m'mawa mpaka kumzikiti anaitana swala ya masana, mphepo ikutithira mchenga m'maso. Kalaliki ankangoti tidikire, mkati muli adona.

Amalume anasiya dzanja langa, n'kuzungulira kumaso, n'kulowa kofia ili kumutu. Ndinawatsatira mpaka pamasitepe. Mkatimo munkanunkhira sopo. Ndinawamva akupempha mwaulemu singano imodzi yokha.

Mzunguyo sanawakhudze, anangotuma munthu. Kunabwera apolisi awiri akuda amene anawakokera panja. Ndodo yoyamba inatera pakamwa, inalira ngati chikho chikusweka. Atagwa anawaponda ndi majombo m'nthiti, pamimba, m'mutu. Magazi anadutsa m'ndevu n'kunyowetsa kanzu yonse. Anthu a pakawindo sanachoke pamzere. Ine ndinadzikodzera. Atawakhwekhwereza kupita nawo, ndinatola dzinolo mumchenga.

Kukhoti anati amalume analowa malo osaloledwa ndi kusokoneza mtendere. Anakhala kundende miyezi itatu, ndipo anabwerako khutu lakumanzere litagontha. Moyo wawo wonse ankamvetsera anthu atapendeketsa mutu.

Nditakula, mphunzitsi wina wa mbiri yakale anandiuza kuti za kawindozo sizinalembedwe m'buku la malamulo. Malamulo ena ankagwira ntchito yotitsekera kunjayo bwino lomwe. Masiku ano ndikamva munthu mu minibasi akuti nthawi ya azungu zinthu zinali m'malo mwake, ndimamuyang'ana msinkhu, ndipo kawirikawiri amakhala wa zaka za ana anga.

Mmodzi wa apolisi aja anali wa kwathu komweko, ankaswali mzere umodzi ndi amalume. Tsiku la Idi, amalume atabwerako kundende, anafika pakhomo pathu atanyamula tambala. Amayi anasolola chikuni chamoto, koma amalume anawagwira mkono.

"Musiyeni, achemwali. Muyalireni mkeka."

Bamboyo anakhala pansi osadzutsa nkhope. Sanapepese, amalumenso sanatchule za sitolo. Anakamba za mvula ndi za usipa, amalume atamutembenuzira khutu labwinolo. Ine ndinakana kumupatsa moni, ndipo amayi sanandikalipire.

Ndinkaganiza kuti amalume akumuopa. Koma ndinali kuyang'ana manja a wapolisiyo. Ankanjenjemera mpaka tiyi anatayikira pabuluku, ndipo sindinkamvetsa kuti munthu wamphamvu chotero akuopa ndani m'nyumba yathu.