Sopo Wowotcha wa a Fanizo

A Fanizo a pa Nsipe anabadwa ndi phuma. Bambo awo, amene anakalambira ku migodi ya ku Joni, ankati mwana ameneyu ngakhale mbatata amaifukula pamoto isanapse. Sukulu anaisiyira panjira, ukalipentala nawo anauthawa atangodziwa kugwira sowo. Atakula anatsikira ku Joni komweko, n'kukakhala mlonda wa pageti pa fakitale ina ya sopo. Za m'kati ankangozionera pawindo, koma kumudzi anabwera ngati fakitaleyo inali yawo, jekete lachikopa lili pathupi ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo.

"Sopo n'chiyani?" ankatero pamsika. "Soda, madzi, mafuta, basi. Enanu ndi mantha chabe."

Anagula soda wowotcha uja ndi mafuta, n'kulanda beseni la akazi awo, a Sellina. Anathira zonse pamodzi, kuvundula pang'ono ndi mthiko, ndipo mkono utangoyamba kuwawa anakhuthulira m'zikombole zamatabwa. Kutacha zinali zitalimba. Anadula zidutswa uku akuimba mluzu.

Tsiku lomwelo kunabwera mlamu wawo Richard, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Boma. Anatola chidutswa chimodzi, n'kuona timawanga toyera ponseponse.

"Alamu, sopoyu sanapse," anatero Richard. "Kuti akhale sopo, kanthu kakang'ono kalikonse ka soda kayenera kukumana ndi ka mafuta. Zikadali zamadzimadzi, tinthuto timayendayenda momasuka, ndipo mukamavundula mumatithandiza kupezana msanga. Koma zikalimba timangokwawa, ngati munthu wotitimira m'matope a kudambo. Inu mwaleka kuvundula msanga, soda wina watsekeredwa payekha. Musagulitse. Akhale pamthunzi masabata angapo tione, ngakhale pamene pali mawangapa sindikhulupirira kuti padzakhala bwino."

A Fanizo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, inu sopo munamuona m'buku. Ine ndagona naye mpanda umodzi."

Tsiku la msika anayala katundu wawo m'mbali mwa msewu. Mayi Sakina, amene ali ndi okala pafupi ndi siteji, anatenga katoni yathunthu kuti azigulitsa, chidutswa china n'kukachapira kwawo. Msika wotsatira anabwera atatambasula manja, zala zonse matuza okhaokha, kumbuyo kwawo kuli amayi ena olusa.

"Bambo Fanizo, mwatigulitsa sopo kapena makala amoto?"

Munthu wina akanapepesa pomwepo. A Fanizo anaitanitsa madzi m'ndowa.

"Manja anu ndi anthete, mayi. Penyani."

Anapaka thovu kumaso konse, m'khosi, mpaka m'makutu. Poyamba anamwetulira. Kenaka anamva ngati wina wawathira tsabola pabala, koma pakhamu lotere akanaleka bwanji? Anapitiriza kutikita, mano ali gwa, misozi ikudula njira m'thovumo. Mapeto ake anakuwa, kugubuduza ndowa, n'kuthamangira kumjigo maso ali chitsinzire, kuwomba mulu wa kabichi wa eni ake panjira. Anyamata a kabaza anaseka mpaka ena kugwa ndi njinga zawo.

Kuchipatala anawatsuka nthawi yaitali. Maso anapulumuka, koma khungu la pamasaya linasupuka, ndipo mpaka lero ndi lamawangamawanga.

Amene anayenda khomo ndi khomo kupepesa ndi a Sellina. Sopo wotsalayo anamukwirira kuseri kwa chimbudzi, ndipo pamalopo sipamera ngakhale chisoso. A Fanizo eni akewo masiku ano amakhala pakhonde la telala, kufotokozera aliyense wobwera kudzasoketsa kuti nzeru zawo zinalibe vuto, cholakwika chinali madzi a ku Ntcheu.