Anatigawana Amama Ali Moyo

Fungo la sutikesi yatsopano limandikwiyitsabe mpaka lero. Amama anaigula ku Chipata m'nyengo yokumba mtedza, ine ndili mu giredi folo, ndipo inkanunkha guluu m'nyumba monse. Amama anali namwino pa kiliniki ya kwathu ku Pembamoyo, ndipo anali atapeza malo okaphunzira uzamba ku Ulaya. Ankakakhalako zaka zingapo osabwera. Atate anamwalira ndili khanda, choncho nkhani inali imodzi: ine Dailesi nditsala ndi yani?

Amama ankakonzekera ngati munthu wopita kunkhondo. M'mawa wa mu Juni, chisanu chikuluma zala, ankasamba madzi ozizira dala, ati thupi lizolowere. Anagula majuzi pa salaula, pomwe amagulitsa zovala zovalidwa kale, ena aakulu oti n'kulowamo anthu awiri. Anasinja nsinjiro, anafutsa nkhwani, anakazinga mtedza wothira mchere. Kenaka wina anawauza kuti zonsezo akazilanda pabwalo la ndege, ndipo anazitulutsanso m'sutikesi akung'ung'udza.

Achibale nawonso ankakonzekera, koma mwa njira yawo. Kwathu katundu wa munthu amagawidwa mwini wake atamwalira, maliro atatha. Ife anatigawana amama akupuma. Aliyense ankafika ndi mawu amodzimodzi: "Tikusungireni." Azakhali anasunga makina osokera. Msuweni wina anasunga mipando, wina mbuzi, wina ndinamupeza akuyeza bedi ndi mkono, manyazi alibe ngakhale pang'ono. Amene sanapemphe chosunga anali aNambewe okha, mayi woyandikana nafe. Amuna awo anali a gule wamkulu, ndipo ife ana a mpingo tinkauzidwa kuti tisamachedwe pakhomo pawo.

Atsibweni anga, alongo awo a amama, anabwera kuchokera ku Zingalume ndi ngolo. Anasunga njinga, anasunga matumba a chimanga, ndipo pomaliza anandiloza ine ndi chibwano. "Uyunso ndimusunga ine. Mwini mbumba ndine." Pa mwambo wathu mwamuna ali ndi mphamvu pa ana a mlongo wake, ndiye panalibe wotsutsa. Amama anangoti, "Zikomo, alongo." Anawonjeza kuti ndipitiretu iwo asananyamuke, kuti ndikazolowere. Atsibweni anati sukulu ili pafupi, akandilembetsa mawa lomwe. Ndinapita nditakhala pamwamba pa chimanga chathu, nditakumbatira yunifolomu yanga ya buluu.

Mawa lija silinafike. Tambala akangolira, akazi a atsibweni ankandimangirira khanda lawo kumsana, ndipo ndinkalitula dzuwa litapendeka. Ndinkatunga madzi kudambo, kusesa, ndi kuswa mtedza mpaka zala kutuluka matuza. Yunifolomu yanga inkapita kusukulu tsiku lililonse, koma popanda ine. Ankaivala ndi Enelesi, mwana wa atsibweni, popeza yake inali itang'ambika ndipo mtundu unali wofanana. Sindinamude Enelesi. Ndinkada akuluakulu amene ankandiuza kuti ndizithokoza pokhala ndi achibale.

Tsiku lina m'kati mwa sabata amama anatulukira osanena. Anabwera wapansi, poti njinga inali ikusungidwa, fumbi lofiira lili mpaka m'mawondo. Anandipeza pakhonde pakati pa makoko a mtedza, khanda lili kumsana, mamina ake ataumira pakhosi panga. Posakhalitsa Enelesi anaweruka, nagwada kuwapatsa moni. Ndinaona maso a amama akutsikira pa mpendero wa yunifolomu ija, umene anaupinda okha ndi ulusi woyera. Ndinadziwa kuti lero kugwa nkhani, ndipo ndibwerera kwathu.

Sikunagwe kanthu. Amama anamwa thobwa, anafunsa za ng'ombe yodwala, anayamikira kuti khanda lanenepa, natsanzika. Ndinawatsatira mpaka pa khola, khanda likundigunda kumsana.

"Amama, ndibwere?"

"Bwerera, khandalo lingazizidwe."

Anatsika njira ya kudambo osacheuka. Ndinaima pomwepo mpaka duku lawo litabisika m'tsekera. Tsiku limenelo ndinawada amama ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinapempha Mulungu kuti chisanu cha ku Ulayacho chikawalume zenizeni.

Lamlungu lotsatira achibale onse anasonkhana kwathu ku Pembamoyo pa mapemphero otsanzikana, ndipo ine ndinabwera ndi atsibweni. Tinakhala pa mphasa, popeza mipando inali ikusungidwa. Nyimbo itatha, amama anayenda chogwada mpaka pamaso pa alongo awo, nawomba m'manja mwaulemu.

"Alongo, njinga sungani, chimanga idyani. Koma Dailesi atsala ndi aNambewe."

Azakhali anagwira pakamwa. Atsibweni anaimirira, Baibulo lili m'manja. "Mdzukulu wa mkulu wa mpingo akakhale kwa akunja? Azikadzuka ndi ng'oma za gule?"

"Azikadzuka ndi ng'oma n'kupita kusukulu," anatero amama, akadali chigwadire.

Atsibweni sanadikire pemphero lotsekera. Anakwera njinga yathu n'kumapita, ndipo sanawalankhulenso amama mpaka tsiku lomwe atsibweniwo anamwalira. Ena onse anabalalika mmodzimmodzi, aliyense atakwinya nkhope ngati walandidwa chake. Patapita masiku ochepa amama anakwera minibasi ndi sutikesi yawo. Ine ndinakana kuwagwira dzanja. Ndinali ndisanaiwale za pa khola paja.

Kwa aNambewe ndinakhalako zaka zonsezo. Ng'oma zinkamvekadi nyengo ya gule, koma sindinkajomba kusukulu pokhapokha nditadwala. Lamlungu ankandichapira diresi, n'kundiperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa patchalitchi, iwo n'kubwerera. M'tchalitchimo sanalowemo, koma sanalolenso kuti ine ndijombe. Ndi iwo amene anandiuza, nditakula pang'ono, kuti tsiku lija amama pochokera ku Zingalume anafikira pakhomo pawo. Analephera ngakhale kuodira. Anangokhala pansi pafupi ndi nkhokwe mpaka aNambewe anaganiza kuti kwagwa maliro.

Amama atabwerako ndinawafunsa chifukwa chimene anandisiyira tsiku lija. Anati akanandichotsa mwaukali pakhomo pa mwini mbumba, akuluakulu akanaweruza kuti amunyoza, ndipo ndikanabwezedwa komweko iwo ali kutali. Anayenera kupeza kaye pondisiya, kenaka n'kunena pamaso pa onse atagwada. Kenaka anati, "Ndinkafunanso kudziwa ngati miyendo yanga ingathe kukusiya. Ndikanacheuka, ku Ulaya sindikanapita."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amama sanaone kanthu, kapena anaona koma sanasamale. Tsopano ndikudziwa kuti anaona zonse, ndipo anasankha kutaya mlongo wawo kuti ine ndiphunzire. Mkwiyo wanga sunathe, koma suli pa iwo. Mpaka lero tikakumana pamaliro, achibale omwe aja amanong'onezana kuti amama anataya mwana kwa akunja chifukwa chofuna ndege. Amanena ine ndili pomwepo, ndikuwatungira madzi osamba m'manja.