Thuza la Pachidendene cha Yamikani

Chinayamba ndi thuza. Mwana wanga Yamikani anali kukampu ya makadeti a usilikali pa tchuthi cha Ogasiti. Mafoni ankawapatsa Lamlungu lokha. Lamlungu loyamba anandiuza kuti jombo yamutulutsa thuza pachidendene chakumanzere. Jombozo ndinagula ndine pa kaunjika, zothina pang'ono. Ndinamuuza kuti zitambasuka, ndipo asabwere kunyumba asanamalize. Ndinadula foni.

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Biwi. Zilonda ndinazizolowera, thuza sindinaliyese kanthu.

Za kukampu anandifotokozera pambuyo pake. Ankadzuka folo koloko, kuthamanga, kumwa phala, kenako pelete mpaka dzuwa pamutu. Masana ankakwawa m'fumbi ndi kudumpha makoma, chikwama kumsana. M'mawa uliwonse mphunzitsi ankafunsa ngati pali wodwala. Wotuluka pamzere anzake ankamuseka, ndipo wodwala masiku angapo ankabwezedwa kwawo. Yamikani sanatuluke. Ankatsuka bala ndi madzi amchere, kumanga kansalu, n'kuvalanso jombo. Masokosi sankavula pamaso pa anzake.

Lachinayi la sabata yachitatu anagwa pa pelete. Aphunzitsi ake anandiimbira foni, ndinamupeza kuchipatala chachikulu. Jombo anachita kuidula ndi lumo. Phazi linali lotupa, mafinya kununkha, thupi moto, mwanabere atatuluka. Sanandizindikire.

Dokotala anatenga bolopeni n'kulemba mzere kuzungulira mwendo, pansi pa bondo, pamwamba pang'ono pa pomwe kufiira kunalekezera.

"Bambo, kufiiraku kukadutsa apa tikambirana zodula mwendo."

Ndinakhala pansi pasimenti.

Amayi ake ankabweretsa chakudya kuchokera kwathu ku Chinsapo, ine ndinatsala m'wodi. Anamwino anamuika diripi ndi majakisoni katatu patsiku. Lachisanu anapita naye ku fiyeta kukachotsa mnofu wowola. Ndinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chitseko chikatseguka, ndinkaimirira.

Loweruka kufiira kunakhudza mzere. Tsiku limenelo sindinadye. Pabedi loyandikana panagona bambo wina wodulidwa mwendo, ndipo ndinkaopa kuyang'ana kumeneko. Ndinkangovundukula bulangeti kuona mzere, mpaka namwino anandikalipira.

"Abambo, bulangetilo lisiyeni. Kuyang'anako si mankhwala."

Lamlungu kufiira kunaima pomwepo. Lolemba kunabwerera pansi ngati chala chimodzi. Lachitatu dokotala anapapasa mwendo, n'kunena kuti saudula.

Yamikani atatsitsimuka ndinamufunsa chifukwa chake sananene kwa aphunzitsi ake.

"Adadi, munati ndisabwere."

Ndinatuluka panja. Ndinakhalako nthawi yaitali.

Tinakhala m'chipatala masabata atatu, kenako mwezi wina tikupita kukatsukitsa bala. Pano Yamikani anabwerera kusukulu. Akuyenda wopanda ndodo, koma akathamanga amatsimphina. Pachidendene panatsala dzenje loti chala chitha kulowa. Ngati adzamulole kulowa usilikali, sindikudziwa. Iye akufunabe.

Dokotala anati akanabwera sabata yoyamba, akanangomutsuka n'kumupatsa mapiritsi. Makadeti, bala likatupa kapena kutentha, tulukani pamzere tsiku lomwelo. Osekawo sadzakubwerekani mwendo. Makolo anzanga, mwana akakuuzani kuti pakupweteka, mufunseni pakupweteka bwanji. Musadule foni.