Madzi Apinki a ku Joni

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo musadikire kuti ndipepese.

Ndinachoka ku Nabvutika mu 1996, atandithamangitsa ku sekondale chifukwa choika birimankhwe m'chikwama cha aphunzitsi. Amalume, amene ankakhala ku Joni, anati, "Mutu uwu ukazizire ku Joni." Anandipezera ntchito yotsuka mabotolo pachipatala chothandiza mabanja osabereka.

Kumeneko madokotala amakoka dzira la mayi ndi singano, limodzi ndi timadzi tachikasu timene dziralo limakhalamo. Timadzito amatiyeza mahomoni ndi mchere, kuti aone ngati mimba ingakhazikike. Totsala ndinkataya ndine. Sabata yoyamba ndinkangosanza. Wolankhula naye Chinyanja anali amalume okha, nawonso mawu awo anali amodzi: "Tsuka." Koma ndinaona chinthu chimodzi. Kumeneko mwamunanso amamuyeza.

Chondinyansa kuposa mabotolo chinali m'makalata a achemwali anga a Naomi, okwatiwa ku Kasenengwa. Zaka zisanu opanda mwana. Apongozi awo ankawamwetsa mizu yowawa mpaka kutsegula m'mimba, ndipo ananena kuti akangokolola mtedza awabweza kwathu. Alamu a Gideoni palibe ankawafunsa kanthu.

Pobwerera ndinazembetsa madzi apinki olereramo mazira. Ukawauzira mpweya ndi kabango amasanduka achikasu, kaya wauzirayo ndi ndani. Achemwali ndinawapangira kuti angotukumula masaya, asauzire.

Anthu atasonkhana pakhonde la alamu ku Kasenengwa ndinauza apongoziwo, "Amayi, uwu ndi muyezo wa madokotala. Akauzira wosabereka, madzi amasintha."

Achemwali anatukumula masaya. Pinki. Alamu anauzira ndi mphamvu zonse za mlimi. Chikasu ngati mkodzo wa m'mawa.

Ndinadikira kuti anthu adzidzimuke. Sanadzidzimuke. Apongoziwo anayang'ana pansi nati, "Iwe mwana, zimenezi n'zonenera pagulu? Matsagwidi anamugwira ali wamkulu kale ameneyu. Tonse timadziwa."

Tonse! Zaka zisanu kumwetsa mwana wa eni mizu, akudziwa. Bodza langa linakagwera pa zoona zimene mudzi wonse unazikhalira ngati mpando. 

Achemwali anakakhuthula mizu yonse m'chimbudzi anthu akuona. Za kuwabweza sanazitchulenso munthu.

Ine akuluakulu a m'mudzimo anandigamula kuti ndikumbe mtedza wa alamu, munda wonse ndekha, chifukwa chochititsa manyazi wamkulu. Ndinakumba ndikuimba mluzu, mtedza wina ndikuponya m'kamwa. Mtedza unali wambiri, wonona. Pa zonse za alamu, mundawo ndiwo sunafunike muyezo.