Chaka Chimene Tinachoka ku Malaini

Ndikamakumbukira amayi anga, chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi msana wawo. Ndimawaona atagwada m'nyumba ya kampani imene tinkakhalamo ku esiteti ya tiyi, akukolopa simenti ndi chiguduli, katundu wathu yense ali panja atamangidwa m'mitolo. Unali m'mawa wa tsiku limene tinkasamuka. Azimayi anzawo a m'malaini, mizere ya nyumba za antchito, ankawafunsa kuti akuvutikiranji ndi nyumba yoti awatulutsamo, koma iwo anangoti mzimayi wodzalowamo asadzapeze litsiro la mnzake. Atamaliza anathirira mpiru umene anabzala kuseri, ngakhale ankadziwa kuti sadzaudya, anatseka chitseko bwinobwino, n'kusenza mtolo waukulu kuposa yonse.

Bambo anali atagwira ntchito ku fakitale ya tiyi kwa zaka zambiri mpaka chifuwa chinawagwira. Chitakula, ntchito inatha, ndipo ku esiteti ntchito ikatha nyumba nayonso yatha. Kopita kunali kumodzi kokha, kwawo kwa amayi, kumudzi wina chakufupi ndi Limbuli. Ine ndinali kamtsikana ka Sitandade 3, achimwene anga a Fanuwelo anali patsogolo panga pang'ono. Inali nyengo ya chiperoni, pamene phiri limabisala mu nkhungu ndipo kamvula kowaza kamagwa osaleka, kuzizira kwake kolowa mpaka m'mafupa. Tinapeza nyumba ya malemu agogo denga litagwera mkati, zipupa zili ming'alu yokhayokha, mbuzi za anthu zitasandutsa chipinda kukhala khola. Fungo lake linandibweza pakhomo. Ndinalira, ndikufuna mpopi wathu wa ku malaini ndi anzanga amene ndinkasewera nawo fulaye madzulo aliwonse. Amayi sanandikalipire. Anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anamanga china m'chiuno, n'kutuma a Fanuwelo kukabwereka khasu kwa atsibweni, mlongo wawo.

Masiku otsatirawo tinkagona m'khitchini mwa atsibweni, zovala zathu zonse zikununkha utsi, ndipo kukacha inali ntchito. Amayi ankalawirira kukamweta udzu, akabwera miyendo itachekekachekeka, n'kuyamba kumata zipupa. Ine ndi achimwene tinkaponda matope. Mapazi ankachita dzanzi ndi kuzizira, koma tinkapikisana kuti atalowe kwambiri ndani, mpaka kuiwala kuti tikugwira ntchito. Dothi lozirira pansi amayi ankalitenga kudambo, lakuda bii, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la dothi lonyowa ndimaona dzanja lawo likuzungulira pansi pang'onopang'ono, osasiya pokhumbizika. Chimanga tinalibe chifukwa sitinalime chaka chimenecho. Tinkadya chinangwa chouma cha makaka, nandolo wopatsidwa ndi abale, ndi nyemba za kalongonda. Kalongondayo amayi ankamutereka m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka, pakuti wosapsa amaledzeretsa ngakhale kupha kumene. Ife tikamazungulira mphika ndi njala, ankatiuza kuti kalongonda sadyedwa ndi munthu wothamanga mtima, n'kutinyemera kachidutswa ka chinangwa kuti tiziyembekezera.

Amene ankatidetsa nkhawa anali bambo. Munthu amene ku malaini ankadzuka belu lisanalire, tsopano ankangokhala pamwala kuseri kwa nyumba atafunda bulangete, akutsokomola, maso ali kuphiri losaonekalo. Anali mkamwini wobwera chimanjamanja, ndipo manong'onong'o a pamudzi ankawamva. Atsibweni, mwa chifundo chawo, ananena kuti abweretsa anyamata awo adzamange denga n'kufolera kamodzin'kamodzi kuti tichoke m'khitchini. Masana a tsiku lomwelo, ine ndikusankha nandolo pakhonde, ndinamva bambo akuuza amayi motsitsa mawu kuti aganiza zowoloka malire kupita ku Mozambique kwa abale awo, kuti mwina akapezako ganyu, kusiyana n'kumadya thukuta la alamu awo. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa za azibambo ena amene anawoloka choncho osabwereranso, ndipo ndinasiya kusankha nandolo uja n'kutchera khutu. Amayi anapitiriza kunyika luzi m'madzi kwa kanthawi, kenako anayankha.

“Ngati mwafuna kupita, abambo ake a Fanuwelo, ine sindikugwirani mwendo. Koma za dengali ndikawakaniza achimwene. Ana anu sangagone m'nyumba yofolera munthu wina inu muli moyo. Mufolere kaye, ndiye muzipita.”

M'mawa mwake ndinawaona bambo akunola chikwanje. Ntchito yoti anyamata akanaimaliza msanga inakoka nyengo yonseyo, chifukwa ankati akakwera n'kumanga pang'ono, chifuwa chija n'kuwatsitsa. Amayi ankaima pansi kuwapatsira nsungwi ndi luzi, ndipo akatsika ankapeza madzi otentha a mandimu ali okonzeka. Sanawafulumize ngakhale tsiku limodzi. Pamudzi anthu ankati amayi ndi ouma mtima, akukweza wodwala padenga ana akugona mu utsi, ndipo atsibweni anakwiya mpaka kusiya kuwalankhula kwa kanthawi. Inenso ndinkadabwa, chifukwa utsi unkandiwawa m'maso. Koma pang'onopang'ono bambo anayamba kuimba muluzu ali pamwamba, kenako kumakalipira a Fanuwelo kuti akumanga mfundo ngati munthu wopanda zala, ndipo kukalipako kunatisangalatsa tonse chifukwa anali mawu awo akale aja.

Tinalowa m'nyumbamo chiperoni chitatha, mphepo yafumbi itayamba. Ine ndinkangoyembekezera kuti bambo amanga kachikwama kawo. Koma amayi anaona kuti chitseko chikukhula pansi ndipo chikufunika mwamuna. Chitseko chitakonzeka panafunika bafa, kenako khola la nkhuku, kenako nkhokwe, ngakhale tinalibe choikamo. Mvula yoyamba itagwa anati palibe munthu amachoka pakhomo mbewu isanalowe m'nthaka. Nkhani ya ku Mozambique inafera pomwepo. Chifuwa cha bambo sichinathe, koma anakhala nafe mpaka ine nditamaliza pulayimale, ndipo anatsikira kuli chete ali m'nyumba yofolera okha, amayi atawagwira dzanja.

Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ana athu anawadziwa ngati anganga awo. Holide ikafika nyumba ija inkadzaza zidzukulu. Ankadziwa amene sadya therere, amene amaopa mdima, ndi amene akangokhala chete ndiye kuti thupi latentha. Madzulo ankawandandalika pamwala n'kumawakwecha zidendene mmodzimmodzi, ana akukuwa ndi kuseka. Tinayesa kuwatenga kuti akakhale nafe m'tauni, koma ankangogona masiku ochepa n'kuyamba kudandaula za nkhuku zawo. Anamwalira chaka chatha, nyengo yotentha. Pamaliro pawo, ndikuyang'ana azimayi amene anakhala m'siwa, ndinayamba kuzindikira zitenje zimene ndinkawagulira amayi pamsika wa pa Chitakale ndikamabwera kudzawaona. China chinali m'chiuno mwa mayi wamasiye wa kutsidya, china chitabereka khanda la mtsikana amene sindinkamudziwa n'komwe. Titatsegula sutikesi yawo tinapezamo zakutha zokhazokha.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi sagwira ntchito, popeza sankalembedwa kulikonse ndipo belu la esiteti silinkawaitana. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti ife tonse, ndi bambo omwe, tinkaima chifukwa iwo ankadzuka. Masiku ano pamudzi paja pali nyumba zamalata, ana sapondanso matope, ndipo wophika kalongonda tsiku lathunthu ngosowa. Sindinena kuti kale kunali bwino, pakuti njala ya chaka chija ndikuikumbukira. Koma ndimapitabe ku Limbuli, ndimatsika minibasi, ndimakwera kabaza mpaka pakhomo, abale n'kundilandira bwino ndithu, kundifunsa za ntchito ndi za ana. Kungoti palibenso amene amandigwira pachibwano, kunditembenuzira kowala, n'kundiuza kuti ndaonda.