Wometa Amene Ankabisa Manja M'thumba

Anthu ankawatchula a Mpala, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Ukakhala pa mpando wawo uja wa mwendo womanga ndi waya, n'kufotokoza bwinobwino kametedwe kamene ukufuna, iwo ankagwedeza mutu ngati amva, kenako n'kuyambitsa nkhani ya mpira. Pomwe nkhaniyo izitha, tsitsi nalonso latha. Koma anthu ankabwererakobe, chifukwa dzanja lawo linali lopepuka, ndipo pa ukhondo panalibe wowaposa mumsewu wonsewo. Makina ometera ankawapukuta ndi sipiliti mwini mutu akuona, ndipo palibe mwana amene anatengapo zipere m'kachipinda kawoko.

Ndiye taganizani manyazi ake pamene manja a munthu waukhondo chotere anayamba kuyabwa. Zinayambira m'mipata ya zala, timatuza ting'onoting'ono toyabwa ngati chitedze. Khungu linauma gwa, linayamba kuyoyoka, kenako ming'alu. Tsiku lina woyendetsa minibasi wina, munthu wosasunga mawu m'kamwa, anasuzumira m'galasi n'kufunsa kuti, "Akulu, si mphere zimenezo?"

A Mpala anachita zimene wometa aliyense akanaganiza. Chopha tizilombo pa makina chingalephere bwanji pa dzanja? Akatha kumeta munthu ankathira sipiliti m'manja, n'kutikita pamaso pa onse odikira pa benchi, kuti aone okha kuti muno mulibe matenda. Ululu wake unkafika mpaka m'mano, iwo n'kumati chamumtima, "Eya, mankhwala akugwira." Akafika kunyumba ankaviika manjawo m'madzi otentha kwambiri, poti kuyabwa kunkayamba kwaleka, n'kumaliza ndi sopo wochapira zovala.

"Inu bambo, manjawo mukuwaphika?" ankafunsa akazi awo.

"Mayi, za tizilombo tisiyireni ife eni ntchito."

Eni ntchitowo manja awo anafika pong'ambika akangopinda chala.

Nyengo yomweyo mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene anali naye, anabereka mwana wamkazi. A Mpala anali atamudikira mdzukuluyo mpaka makasitomala anatopa nayo nkhani yake. Koma tsiku limene khandalo linabwera kudzaonekera, likuyenda m'manja mwa uyu ndi uyu pa balaza, iwo anaima pafupi ndi chitseko, manja ali m'thumba.

"Bambo, simuwalandira akazi anu aang'onowa?" anatero mwana wawo akuseka.

"Ndili ndi kachimfine, mwana wanga. Tsiku lina."

Ulendo wotsatira anati malaya awo ali ndi tsitsi la anthu. Ulendo wina anati msana. Choona chake n'choti ankaopa kumupatsira mwanayo zimene zinali m'manja mwawo. Za makasitomala othawa sankazidandaula kwenikweni, tsitsi limamera ndipo eni ake amabwerera. Chinkawadya mtima chinali kamwanako. Ankakaweramira manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu, n'kumakaimbira mluzu, mtima ukuwawa.

Paja wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mmawa wina anatseka kachipinda kawo n'kupita kuchipatala. Adokotala, mayi wachitsikana, anatembenuza manjawo uku ndi uku, n'kufunsa ntchito yawo ndi zimene amapakapo. A Mpala anayankha monyadira kuti sipiliti. Adokotala anayamba aika kaye cholembera pansi.

"Ichi ndi chikanga, bambo. Sichipatsirana. Khungu lanu likulira mafuta, inu mukulimwetsa sipiliti."

Anawapatsa kachubu ka mankhwala opaka pamalo otupa okha kwa masiku ochepa, n'kuwauza kuti ntchito yaikulu ili kunyumba. Ndipo kunyumbako ntchitoyo inagwera m'manja oyenera, poti akazi awo anali atadikira nthawi yaitali kuti anene kuti "ndinkanena ine." Ketulo anaibisa. Madzi osamba m'manja anakhala ofunda chabe, sopo wake wofewa wopanda fungo. A Mpala akatenga thaulo kuti akhule monga mwa chizolowezi, mawu ankachokera kukhitchini: "Osakhula! Mungogunditsa!" Khungu likadali lonyowa pang'ono ankapaka mafuta olimba aja oyera, opanda fungo, mpaka zala kumanyezimira. Zikhadabo zinawengedwa. Kuyabwa kukawadzukira, ankakulunga manja m'kansalu konyowa ndi madzi ozizira, n'kukhala pa mpando akutukwana chapansipansi mpaka kudutse.

Kuntchito botolo la mafuta linapeza malo pansi pa galasi. Sipiliti anabwerera ku makina, kwawo kwenikweni, ndipo pomugwira iye kapena mankhwala odetsa imvi, a Mpala ankavala magolovesi. Anyamata a pa benchi sanachedwe. "Lero timetedwa ndi adokotala! Mutibaya jakisoni, akulu?" Iwo ankangoseka, n'kumudula wolankhulayo tsitsi loposa limene anapempha.

Pang'onopang'ono ming'alu inatsekeka. Chikangacho sichinathe, chinkabwerera kunja kukazizira kapena iwo akachita ulesi ndi mafuta, koma tsopano ankadziwa kuchinyengerera. Zonse zimene adokotala ananena anazitsata, kupatula mawu amodzi. Akuti sichipatsirana? Auzeni ena, osati munthu amene moyo wake wonse waona nthenda ikudumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina itakwera chipeso. Dokotala naye ndi munthu, amatha kulakwitsa, ndipo khanda si poyeserapo. Choncho manja anakhalabe m'thumba. Mdzukulu uja anayamba kuseka, anayamba kukhala pansi, anafika potambasula timanja akaona agogo ake a mluzu aja. Iwo ankabwerera m'mbuyo.

Lamulungu lina masana mwana wawo anafika ndi khandalo, pamodzi ndi apongozi ake, mayi a mwamuna wake. Nkhope zawo zinali zosaseka. Atamuvundukula mwanayo, a Mpala anaona masaya okhakhala, otupa, ndi timabala ta zikhadabo mopindika mikono. Kamwanako kankadzikhuliza nkhope pa phewa la mayi ake.

Mayi achikulirewo anakhosomola pang'ono, n'kuyamba mwaulemu, ulemu uja wobaya.

"Asewere, sikuti tabwera kudzaloza chala ayi. Takhala tikumusambitsa ndi madzi otentha, sopo wa mankhwala tagula, koma sizikusintha. Kuchipatala anena zawo. Koma ife tikayang'ana, nthenda ya pakhungu m'banja muno ili ndi munthu mmodzi."

A Mpala anayang'ana pansi. Sanakwiye. Anayankha motsitsa mawu.

"Asewere, mwanayu sindinamugwirepo. Chibadwire chake."

Mwana wawo anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo zinkaoneka pankhope kuti akukumbukira chimfine chija, malaya aja, msana uja.

"Ndiye chinali chimenecho?" anafunsa. "Bambo, ine ndimayesa simukumufuna. Ndakhala ndikulira kunyumba kwanga, kudzifunsa kuti ndinakulakwirani chiyani."

Kalanga ine! Munthu kudzimana miyezi yonseyi pofuna kuteteza, osadziwa kuti akubaya mwana wake yemwe.

Mwana wawo anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Kuchipatala atiuza kuti ndi chikanga. Afunsa ngati kumtundu kwathu alipo amene ali nacho. Akuti sichiyenda pokhudzana, chimayenda m'magazi. Ndiye ngati n'kumupatsa, munamupatsa kale kudzera mwa ine. Mukumutetezanso ku chiyani?"

Akazi a Mpala sanadikire yankho. Analowa kuchipinda n'kutulukamo ndi botolo la mafuta, n'kuliika pa tebulo mwamphamvu.

"Madzi otenthawo muleke, asewere," anatero a Mpala. "Inenso ndinadziphika nawo. Ofunda okha, ndipo musamukhule. Mankhwala ake mutsate amene akupatsani kuchipatala, angawa ndi a akulu. Koma mafuta, mafuta musatope nawo. Mumupake akangotuluka m'madzi, pang'onopang'ono, motsatira khungu."

"Ife sitidziwa," anatero mwana wawo. "Tionetseni."

Ndipo a Mpala asanapeze chonamizira china, mwana wawo anangoika khandalo pamiyendo pawo. Manja anatuluka okha m'thumba kuopa kuti mwanayo angagwe. A Mpala anatapa mafuta ndi chala, anawatenthetsa pakati pa zikhato, n'kuyamba kupaka tsaya limodzi ndi dzanja lawo lopepuka lija. Kamwanako kanasiya kudzikhula, kanawagwira chala chachikulu n'kumachiyang'anitsitsa.

Atamaliza anamunyamula m'mwamba kuti amuone bwino, ndipo mikono yawo inadabwa. Iwo ankayembekezera kakhanda kaja anakaona tsiku loyamba, kopepuka, kokwana m'zikhato ziwiri. Kameneko kanali katapita kalekale, kanadutsa iwo ataima pa chitseko.

"Koma walemera," anatero, misozi ikutsikira m'ndevu. "Abale, mwanayu walemera liti?"